Chitseko cha Mwala

Makhadi aja tinawapeza m'thumba la jekete. Achimwene anagula jeketeyo pa kaunjika mumsika wa pa Boma, poti ku Chikangawa kumene ankacheka matabwa kumazizira mpaka mano kugundana. Atafika nayo kunyumba anapisa m'thumba lamkati n'kutulutsa kamtolo komanga ndi mphira. Anali makhadi a zilombo, makumi asanu ndi mphambu zingapo, pamodzi ndi kapepala ka malamulo kong'ambika theka. Amayi anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti zimenezo zisalowe kuchipinda kwawo. Basi, zinakhala zathu.

Ife kwathu ndi ku Dedza, koma tinakulira ku Mzimba chifukwa bambo anabwera kudzagwira ntchito m'nkhalango ya paini. Bambo atamwalira, achimwene anasiya sukulu ali sitandade folo n'kukagwira macheka kuti ine mlongo wawo ndipitirize. Choncho wodziwa Chingerezi pakhomo ndinali ine ndekha, ndipo ndinkadzimva nacho koopsa. Ndinali fomu thu, msinkhu umene mtsikana amaganiza kuti anthu onse akudikira iye kuti awaunikire.

Malamulo akuluakulu a masewerawo sanali ovuta. Aliyense amayamba ndi moyo wake, umene ife tinkauyeza ndi nyemba makumi awiri. Uika chilombo pamkeka, mnzako aika chake, champhamvu chigonjetsa chofooka, ndipo chogonjacho chimapita pa mulu wapambali umene kapepala kaja kankautcha manda. Mwini chilombo chogonja amataya nyemba, ndipo nyemba zikamuthera, watha. Koma kukoma kwake kunali m'tizilembo ting'onoting'ono ta pansi pa chithunzi, pakuti zolembedwa pa khadi zimaposa lamulo lililonse la masewerawo. Khadi lina limati chilombo ichi sichingamenyedwe ndi chouluka. Lina umalivundikira ngati msampha, n'kudzalivundukula mnzako ataponda kale. Ndipo awiri mukamaponyerana makhadi moyankhana, loponyedwa pomaliza ndi limene limayamba kugwira ntchito, kenako mumabwerera m'mbuyo mpaka loyamba lija. Lamulo limeneli achimwene analikonda. Ankati n'chimodzimodzi matabwa pa lole, thabwa lokwera pomaliza ndilo limayamba kutsika.

Tizilembo tija achimwene sankatha kutiwerenga. Ankaloweza zithunzi n'kuzipatsa mayina awoawo. Chilombo chamimba chonyamula nkhwangwa chinali Kapitawo, china cha mano achitsulo chinali Macheka. Akatola khadi lowavuta ankalitembenuzira kwa ine kuti ndiwauze zimene likunena. Tangoganizani, munthu kuonetsa mdani wake zimene wanyamula. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkanama. Khadi lawo likati mphamvu zionjezeke kawiri, ine ndinkati kamodzi. Langa likati ligwira ntchito ulendo umodzi wokha, ine ndinkati mpaka masewera atathe. Iwo ankangokanda mutu n'kuseka, amvekere sukulu ndi yabwino, ngakhale zilombo zimamvera ophunzira. Lamulungu lililonse akabwera kuchokera kunkhalango, tikaweruka kutchalitchi, ndinkawadyera masuku pamutu ndi Chingerezi chomwe anandipezera iwo ndi msana wawo. Nthawi imeneyo sizinkandikhudza mpang'ono pomwe. Ndinkangofuna kuwina.

M'kamtolomo munali makhadi awiri odana. Loyamba linali la mayi wonyamula nyali, ndipo linkati ukhoza kutenga chilombo chimodzi kumanda n'kuchibwezera pabwalo. Lachiwiri linali la chitseko cha mwala, ndipo linkati likakhala pabwalo palibe chimene chingatuluke kumanda, kaya kwako kaya kwa mnzako. Awiriwa akakumana, kapepala kaja kananena mosapsatira kuti khadi loletsa limapambana lololeza. Chitseko chikakhala kuti chatseka kale, nyali imangoyaka pachabe. Pa khadi limeneli sindinanamepo, osati chifukwa cha chilungamo ayi, koma poti chitsekocho nthawi zambiri chinkagwera kwa ine.

Zaka zinadutsa, makhadi n'kulowa pansi pa sutikesi. Ine ndinamaliza sukulu n'kupeza ntchito mu sitolo ya mbewu pa Boma pomwepo. Amayi anatisiya. Achimwene anakwatira mtsikana wa ku Manyamula, munthu wofatsa amene ankandiopa chifukwa cha pakamwa panga. Chifuwa chinawayamba pang'onopang'ono. Ankati ndi utuchi, ocheka matabwa onse amatsokomola. Pamene alamu anga, ali oyembekezera, anapita kwa amayi awo ku Manyamula kukadikirira, achimwene anali atatha thupi, ndipo anagonekedwa pachipatala cha pa Boma. Wowadikirira ndinali ine.

Mwana anabadwa iwo ali m'chipatalamo. Anali wamkazi, woyamba wawo. Alamu anatumiza uthenga kuti mchombo ukangoduka abwera naye kuti bambo ake amuone, koma achimwene anakanitsitsa. Anati khanda lisalowe m'chipinda cha anthu otsokomola. Adzapita okha akachira, akalowe pakhomo la apongozi akuyenda ndi miyendo yawo, osati mwana kudzawapeza atagona ngati chipika.

Patangopita masiku awiri, adokotala anandiitanira pakhonde. Anandilankhula mofatsa, osazungulira. Anati nthenda yafalikira, chimene chatsala ndi mankhwala ochepetsa ululu, ndipo ndi bwino wodwalayo akakhale ndi abale ake kunyumba. Zomwezo anazilemba m'kabuku kawo ka kuchipatala. Ine ndinapempha kuti atisungeko kaye masiku ochepa, ndipo analola. Nditabwerera pabedi, achimwene anatenga kabuku kaja n'kukatembenuzira kwa ine, monga momwe ankachitira ndi makhadi. Ndinakatsegula n'kuwerenga mothamanga kuti mankhwala amphamvu akuchokera ku Mzuzu, tidikire. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anati chabwino, tidikira. Ndinkachita mantha. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kuwatchula mawuwo ndiye kuti sizichitika.

Masana m'chipatala amatalika, ndiye anandiuza kuti ndikatenge zilombo zathu zija. Ndinazipeza zikununkha chinyontho, mphira utamatirira pa khadi lapamwamba. Tinayamba kusewera pa bulangete, nyemba tikuziika m'zivundikiro za makapu. Tsopano ndinkanama chammbuyo. Khadi lawo likati kamodzi, ine ndinkati kawiri. Msampha wanga ndinkausiya wovundikira mpaka masewera atha. Ankawina tsiku ndi tsiku, ine n'kumadandaula mokweza kuti m'chipatala muno awapatsa mankhwala a nzeru. Pabedi loyandikana nalo panali aphunzitsi opuma a ku Engutwini, odwala shuga, amene ankationerera atatsitsa magalasi pamphuno. Ndikapita kukachapa kapena kukaphika kumalo a odikirira odwala, pobwerera ndinkawapeza awiriwo akucheza, makhadi ali mbwee pa bulangete. Sindinaganizepo kanthu.

Tinadikira mankhwala a ku Mzuzu masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati afika, ine n'kumati mawa. Ankafunsanso za mwana, ngati watenga mphuno yawo, ngati amalira kwambiri. Ine ndinali nditapita ku Manyamula kamodzi pa njinga yakabaza, ndiye ndinkawafotokozera zomwezomwezo mobwereza.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tinasewera dzuwa litapendeka. Manja anandiyendera okha mwachizolowezi, ndipo ndinaika chitseko cha mwala pabwalo masewera atangoyamba. Zinthu zinawaipira ngakhale ndinkayesetsa kuwapatsa mpata. Kapitawo anapita kumanda, Macheka anamutsatira, ndipo anatsala ndi nyemba zitatu. Ndiye anatola khadi, analiyang'ana kwa kanthawi, n'kuliika pa bulangete. Linali la mayi wa nyali. Sanatambasule dzanja kuti atenge chilombo. Anangondiyang'ana.

Ndinatola chitseko chija n'kuchita ngati ndikuchiona koyamba. Ndinati zaka zonsezi ndinkalakwitsa, apa akuti chimatseka manda a mwini khadi okha, anu ndi otsegula, tengani Kapitawo wanu.

"Werenganso," anatero.

Ndinabwereza bodza lomwelo. Aphunzitsi aja anakonza pakhosi.

"Mama, ndapota, musandikwiyire. Adada awa anandipempha chomene, mbwenu ine ndinawawerengera makhadi onse, limodzilimodzi."

Mtima unandikwera. Ndinawauza aphunzitsiwo kuti asamale shuga wawo, za banja la eni azisiye. Anangoti yewo n'kutembenukira kukhoma, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira. Achimwene anadikira kuti ndithe. Kenako anati ndisavutike, za makhadi ankazidziwa kalekale aphunzitsi asanabwere, kuyambira pa mkeka wa amayi uja. Anati ankandisiya dala chifukwa ndikawina ndinkavina, ndipo pakhomo paja kuchokera pa maliro a bambo panalibe wina wovina. Anati chizindikiro changa n'chosavuta: ndikamanena zoona ndimayendetsa chala pansi pa zilembo, koma ndikamanama ndimathamanga, chala ndikuchibisa.

Anapisa pansi pa pilo n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala.

"Aka sindinawapatse aphunzitsi. Ndinakutumiza kusukulu ndine. Undiwerengere ndiwe, mlongo wanga, ndipo uike chala."

Ndinayesa kukana. Ndinati zolemba za madokotala siziwerengeka, ndinati adikire adokotala abwere m'mawa. Achimwene sanabweze dzanja. Ndinakatenga. Ndinaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kuwerenga, liwu ndi liwu, ndikuwamasulira. Pamene panandivuta anandiuza kuti ndibwereze. Anafunsa ngati penapake palembedwa za Mzuzu, ndinati ayi. Anafunsa kuti zinalembedwa liti, ndinawauza. Ndinawaona akupinda zala pa bulangete mpaka zinakwana zisanu ndi zinayi, ndipo pamenepo m'pamene ndinalira.

Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira, chifukwa kukangana ndimakutha. Anangotenga khadi la nyali n'kuliika okha pa mulu wa manda, monga lamulo linenera, kenako anakhuthulira nyemba zitatu zija m'dzanja langa. Anati ndawina, ndipo ulendo uno ndawina moyenera. Atapuma pang'ono anati ndisiye kulira, ndithamangire kudepoti kusanade ndikapeze galimoto lopita ku Manyamula m'mawa.

Tinanyamuka m'mawa mwake pa kagalimoto konyamula katundu wa m'magolosale, iwo atakhala kutsogolo atavala jekete yomwe ija. Pakhomo la apongozi sanalowe akuyenda ndi miyendo yawo. Anawanyamula amuna awiri. Alamu anawayalira pakhonde pomwe pankafika dzuwa, n'kuwaikira mwana pachifuwa. Poyamba ankatembenuzira nkhope kumbali poopa kumutsokomolera, mpaka ndinawakumbutsa kuti adokotala anati nthenda yawo si yopatsirana. Anandiyang'ana m'manja, ndipo ine ndinatulutsa kabuku n'kuwalozera mzere wake ndi chala. Ndiye anamuyang'anitsitsa mwanayo, n'kunena kuti mphuno ndi yawodi, n'kumupepesa. Tsiku lililonse ankapempha kuti awatulutse pakhondepo, ndipo mwana ankagona pa jekete ija. Tsiku lachisanu ndi chiwiri sanatuluke.

Mwana uja ndi wamkulu tsopano, ndipo Chingerezi amawerenga kuposa ine. Makhadi ndinam'patsa iye. Ali wamng'ono tinkasewera akabwera kutchuthi, koma sankandilola kugwira khadi lake, ankadziwerengera yekha, ndipo ankachita bwino. Tsiku lina, akusanja zilombo zija pa mkeka, anandifunsa kuti, "Azakhali, kodi adada anakhala nane nthawi yaitali bwanji?"

Ndinamva lilime likufuna kuthamanga. Ndinaligwira. Ndinamuuza pang'onopang'ono kuti anakhala naye masiku asanu ndi limodzi, kuti akanakhala khumi ndi asanu, ndiponso kuti asanu ndi anayi enawo ndinam'dyera ndine.