Kulira Maliro a Eni pa Gitala

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinafika kunyanja ku Salima, nditanyamula jumbo ya zovala ndi nsapato za mayi anga, zimene mpaka lero sindidziwa kuti ndinazitengeranji. Mayiwo tinali titawaika m'manda kwathu ku Chitala mvula itangoyamba. Bambo sindinawaonepo. Choncho ndinagwera m'manja mwa alongo awo a mayi, amalume anga awiri.

Aakulu, a Yobe, anali ndi bwato la injini ndi makoka, ndipo ankayankhula ngati kuti aliyense ali kutsidya. Aang'ono, a Lameki, ankaimba gitala m'bandi ya pa hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja, Loweruka ndi Lamlungu masana, azungu ndi mabwana a ku Lilongwe akudya chambo. Ndinkagona kwa a Lameki, koma wolamula pabanja anali a Yobe.

"Ku Mbenji kukatsegulidwa mu Epulo, mwanayu akwera bwato," anatero a Yobe tsiku lina, osandiyang'ana n'komwe. "Mwamuna sadya zaulele."

Mbenji ndi chilumba chimene asodzi amakakhalako miyezi, kugona m'misasa, kukoka makoka mpaka zikhato zitang'ambika. Nthawi ya mvula amachitseka kuti nsomba ziswane. Ine ndinali mwana wa kumtunda, wodziwa khasu ndi mbuzi. Kusambira sindinkatha, ndipo tsiku limene anandikweza bwato ndinasanza anzanga akuseka. Nyanja ndinkaiopa, osati pang'ono.

"Achimwene, mundibwereke mwanayu mpaka Epuloyo," anapempha a Lameki. "Bandi ikamukana, mudzamutenge."

Sikuti anali achifundo chokha ayi. Zala zawo zinali zitagwidwa ndi nyamakazi, mfundo zitatupa ngati timbatata. Kugwira makiyi, kumene ndi kupana nsambo zingapo nthawi imodzi, ankakwanitsabe, koma kuthamangitsa zala pa nsambo kunali kutawakanika, ndipo mkulu wa bandi, a Mandala, anali atayamba kufunsafunsa za anyamata a ku Lilongwe. Amalume ankafuna zala zatsopano zochokera m'nyumba mwawo momwe.

Tinkaphunzira m'mawa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, fungo la usipa woyanika likutipeza pomwepo, ntchentche zikutera pa gitala. Nyimbo za kutchalitchi ndi za paukwati ndinazigwira msanga. Chimene chinandivuta ndi chimene amalume ankachitcha bulusi, nyimbo ya jazi yoyenda pang'onopang'ono pa makiyi amene iwo ankati olira. Makiyiwo ndi ochepa. Umayamba pa kiyi ya kwanu, kupita pa ina, kubwerera, kenako kumapeto pali awiri oyandikana amene amakutsetsereza n'kukubweza pomwe unayambira. Basi, n'kuyambiranso. Amalume ankazungulira makiyiwo, phazi likugunda pansi, ndipo ine ndinkayenera kuimba pamwamba pake zanga za m'mutu.

"Ndiimbe chiyani, amalume?"

"Ukamacheza ndi anzako umandifunsa kuti unene chiyani?"

Anandionetsa malo asanu pa nsambo amene sangakuchititse manyazi pa makiyi olira, ndi limodzi lapakati limene anati ndi tsabola, lothira pang'ono. Ine ndinkangokwera ndi kutsika malowo ngati mwana wosewera pa makwerero. Iwo ankatseka maso ngati akumva dzino.

Epulo ankayandikira, ndipo ine ndinapeza njira yachidule. M'nyumba munali kaseti yakale imene amalume anajambulidwa akuimba zala zikadali zawo. Akachoka, ndinkaimvera, kuibweza ndi bolopeni, kuimveranso, mpaka ndinaloweza chilichonse, ngakhale pamene chala chawo chinaterereka. M'mawa wina ndinawaimbira zonsezo ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Ndinkayembekeza kuti andigwira dzanja.

Amalume anasiya kugwira makiyi pakatikati. Anayang'ana zala zawo.

"Zimenezo ndinaimba mwezi umene anamwalira akazi anga," anatero motsitsa mawu. "Iwe unawadziwa? Ukulira maliro a eni, Pilirani. Ndipo a Mandala akazungulira kachitatu, kasetiyo itakuthera, udzatani?"

Ndinakwiya. Ndinali nditatopa ndi gitala, nditatopa ndi usipa, nditatopa ndi kukhala katundu wokanganirana anthu awiri. Nsonga za zala zanga zinali zitachita matuza n'kuuma, koma munthu ankati sindinayambe.

Sabata yomweyo kunagwa maliro pafupi ndi kwathu, a bambo wina wokonza makoka. Amalume anandiuza kuti ndivale malaya titsagane. Titafika sanakhale pamene panali madoda anzawo. Anasankha chitsa cha m'mbali mwa njira yolowera pasiwa, dzuwa likuswa mtengo, n'kundiuza kuti nditseke pakamwa, nditsegule makutu.

Amayi ankafika m'magulumagulu, zitenje zili m'chiuno, akucheza bwinobwino. Koma akangoona denga la nyumba ya maliro, mmodzi ankayamba. Mawu ankayambira pamwamba, n'kumatsika, n'kutsika, mpaka mpweya kutha. Kenako zii, akupuma. Anzake a m'nyumba ankamulandira ndi kubuula kwapansipansi, iye n'kuyambanso. Kaliridwe kanali kamodzi kwa onse, koma mawu sankafanana. Wina ankafunsa kuti makoka ake amusokera ndani. Wina ankangoti achimwene, achimwene. Ndiye panafika mayi wina wochepa thupi, wogulitsa tomato, amene sanatchule malemuwo n'kamodzi komwe. Iye ankaitana Esinati, mwana wake amene anamwalira kalekale, kumufunsa ngati kumeneko akudya.

Palibe anamudzudzula. Anamulandira ngati anzake onse.

"Wamva?" ananong'ona amalume. "Maliro ndi amodzi, ngati makiyi aja. Koma aliyense wabwera ndi wake womulira. Ndipo ona, palibe amene akulira osapuma."

Pa maliro a mayi anga sindinalire. Akuluakulu anandiuza kuti ndine mwamuna, ndilimbe mtima, ndipo ndinalimbadi, mpaka anthu anandiyamikira.

Lamlungu lotsiriza la Malichi, a Mandala anati ndibwere andimve. Sanandiyese kuseri ayi, anandiimika pamaso pa alendo, malaya oyera a amalume akundifika m'mawondo. A Yobe nawo anabwera, anaima kunja kwa mpanda manja ali kumbuyo, chifukwa anali atayamba kale kulonga katundu wa ku Mbenji. Ng'oma inayamba, gitala ya besi inalowa, amalume anagwira makiyi olira aja. A Mandala anandiloza ndi chibwano.

Kuzungulira koyamba kunadutsa ndisanakhudze nsambo. Kaseti ija inali m'zala, yokonzeka, ndipo ndikanaiimba mwina bwenzi alendo ataomba m'manja. Ndinayang'ana amalume. Iwo sanandiyang'ane, ankangozungulira, nkhope itakwinyika ndi ululu wa zala.

Ndiye ndinakumbukira mmene mayi ankandiitanira ndikachedwa kubusa. Ankaima pachulu cha kumunda n'kukuwa dzina langa, kuyambira pamwamba, kutsika, n'kukoka kumapeto. Ndinafufuza mawu amenewo pa nsambo. Anali anayi okha. Ndinawaimba, n'kusiya, ngati ndikudikira kuti mwana ayankhe. Makiyi atasintha ndinaitananso, ndipo mawu omwewo anamveka ngati a munthu amene wayamba kuda nkhawa. Ndinaitana mokalipa, monga ankachitira mbuzi zikalowa m'munda mwa eni. Ndinaitana motsitsa, monga ankachitira m'masiku awo omaliza ali pamphasa, akufuna madzi. Pamakiyi awiri otsetsereka aja ndinakankha nsambo ndi chala mpaka inalira, ndipo ndinazindikira kuti malaya a amalume amene ndinavala aja anyowa pachifuwa ndi misozi yanga.

Alendo sanasiye kudya. Bwana wina ankakodola woperekera zakudya kuti amubweretsere tsabola. Koma a Mandala anazungulitsa nyimboyo kachitatu, kachinayi, ndipo zoimba sizinandithere. Titamaliza anangoti, "Loweruka ubwere ndi malaya okukwana." Nditacheuka kumpanda, a Yobe anali atapita. Epulo atafika, bwato linanyamuka popanda ine.

Papita zaka zambiri tsopano. Amalume onse awiri anatsikira kulichete, ndipo ine ndikadali m'mahotela omwewa, tsitsi layamba kuyera, msana ukuwawa ndi kunyamula masipika. Alendo akadali kudya. Sindinalemere, ndipo masiku ena ndimaganiza kuti anzanga amene anapita ku Mbenji amagona tulo tabwino kuposa ine.

Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti a Lameki anandiuza zoona, koma sanandiuze zonse. Sanandiuze kuti nyimbo imeneyi sulira kamodzi n'kuthana nayo. Loweruka lililonse, kuti imveke, ndimayenera kubwerera pachulu chija, ndipo pano oitana achuluka: mayi, amalume, ndi mwana wanga wamkazi woyamba, amenenso anatisiya. Munthu umatopa. Masiku ena ndimangoyendetsa zala, ndipo palibe amadziwa kupatula ine.

Anyamata amabwera kwathu kuti ndiwaphunzitse, atanyamula mafoni odzaza ndi nyimbo za akatswiri akunja zimene aloweza bwino kuposa mmene ndinalowezera kaseti ija. Mmodzi anandiimbira mwezi wathawu, zala zikuuluka, osaphonya paliponse, kenako anandifunsa chimene chikusowa. Ndinatsala pang'ono kumutengera pachitsa chija cha m'mbali mwa njira ya pasiwa. Koma panthawi yomweyo foni yake inalira, ndipo anali mayi ake, kumufunsa ngati wadya.

Ndinamuuza kuti palibe chikusowa, apitirize kukopera. Ake omulira adzamupeza okha, ndipo sindikufuna kuti afulumire.