Makilo atatu a adada

Sikelo ija ndinaipotoza ndine, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Adada anali atadwala impso zaka ziwiri. Kuchipatala anawauza kuti azikwera pasikelo m'mawa uliwonse asanamwe tiyi, makilo akangokwera mwadzidzidzi athamangire komweko, chifukwa amenewo amakhala madzi amene impso zalephera kutulutsa. Amama anagula sikelo mumsika n'kuiika pakhomo la bafa kwathu ku Chiputula. Makilo akamatsika ankasangalala, ati madzi akuchoka.

Asisi anga nawo chinkhoswe chinali pafupi, diresi atasoketsa kale, mandasi atasiya kuti lidzawakwane. Ndiye Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinatembenuza kagudumu kapansi pa sikelo, muvi uziyambira pa makilo atatu. Kwathu palibe amayang'ana muvi asanakwere. Asisi anakwera, anatsika, anavula juzi, anakweranso, anavula ndi ndolo zomwe. Ine kuseri kwa nyumba misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Kenako ndinapita kumpira, n'kuiwala.

Lolemba kunacha ndi kamvula kowaza. Adada atakwera, amama anawerama, anayang'ana kawiri, n'kudina mwendo wa adada ndi chala kuti aone ngati patsale kadzenje. Sanakuwe. Anangoti sukulu lero ayi, ndikaitane takisi, ndinyamule chikwama cha zovala.

M'takisi muja ndikanatha kuulula. Ndinkawerenga mapumidwe a adada, ndipo tikudutsa ku Chibanja ndinayamba kudzikayikira: bwanji ngati ndinatembenuza makilo awiri okha, inayo ndi madzi enieni? Nanga bipi ikawakwera ndi mantha, n'kugwa pompano chifukwa cha diresi la asisi? Amama anagwira bondo la adada njira yonse, milomo ikuyenda, pemphero losatuluka mawu.

Sikelo ya kuchipatala inanena zake. Adokotala, mayi wa magalasi, anatsegula kabuku ka adada n'kuyerekeza manambala.

“Adada, madzi mulibe. Koma chibwerereni ulendo watha mwatsika ndi makilo anayi. Mukudya?”

Adada anati akudya bwino chomene. Amama anavomereza, ati mbale imabwera kuchipinda ili yoyera.

Adokotala sanakhutire. Anafotokoza kuti mafuta a m'thupi amatulutsa mahomoni, ena mwa iwo ntchito yawo n'kuuza ubongo kuti munthu wakhuta. Impso zabwino zimawachotsa m'magazi. Zikafooka amatha kuchuluka, pamodzi ndi zoipa zina, munthu n'kumamva kukhuta asanadye kanthu, mnofu ukusungunuka. Zimene amama ankanyadira kuti ndi madzi akuchoka, unali mnofu wa amuna awo.

Ine mnofuwo ndinkadziwa kumene unapita. Kwa miyezi iwiri adada ankandikodola kuchipinda, n'kundikankhira mpunga wawo ndi dzira, ati ndimalize msanga amama asanalowe. Ine ndinkangoti ndi chikondi.

“Mbale ija ndimayeretsa ndine,” ndinatero. “Sikelonso ndine.”

Amama ananditembenukira pang'onopang'ono. Adokotala anabisa pakamwa ndi kabuku kaja. Adada anayang'ana kudenga.

“Iwe mwana, wandigulitsa,” anatero chapansipansi.

Anawagoneka masiku atatu, anawatenga magazi, n'kuwalembera kadyedwe katsopano, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Tikutuluka amama anathokoza adokotala kuti yewo, dzanja lina atatsina nalo khutu langa, ndipo sanalisiye mpaka pageti. Asisi sanandiyankhule sabata yathunthu, ngakhale anadya mandasi anayi tsiku lomwelo.

Masiku ano amama amakhala pamphepete pa bedi mpaka supuni yomaliza. Adada amadya ngati akumwa mankhwala owawa, akundiyang'ana ndi diso la munthu woperekedwa. Kilo imodzi yabwerera. Enawo sanabwerere, ndipo m'mawa uliwonse ndikamva sikelo ikulira ndimasiya kutsuka mano, kudikira kuti amama atchule nambala.

Kagudumu kaja amama anamatapo selotepi. Kamatulidwe kake ndikukadziwa, koma panopa ndili ndi ntchito ndi wotchi ya asisi.