Kugwada pa Kolita-matu

Ndikakumbuka chisanu cha chaka chimene ndinali mu setima, kalasi lomaliza la sukulu ya m'mudzi mwathu, chimene chimayamba kubwera m'maso ndi mzere wa ife ana pabwalo, aliyense atanyamula chikwakwa kapena chikwanje paphewa, milomo itatuwa, tikupondaponda pa udzu wa mame kuti zala za kumapazi zisaume. Dzulo lake apulofesoli Dumingu, mphunzitsi watsopano wochokera ku Tete amene Chichewa chathu ankachilankhula ngati akutafuna chimanga chokazinga, anali atalengeza kuti mawa kuli kolita-matu. Chipwitikizi tinkachidziwa mokwanira kumva kuti kolita ndi kudula, matu ndi tchire. Nanga kusukulu kwathu kudula tchire chinali chachilendo? Tinkatchetcha bwalo, kusenza njerwa, kupalira munda wa aphunzitsi. Tinabwera ndi zida zathu, ena mpaka makasu. Apulofesoli atatuluka m'nyumba, atavala kabudula wofiira ndi nsapato zoyera, kherere ali pakhosi, anatiyang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Atapuma anatifotokozera kuti kolita-matu ndi mpikisano wothamanga m'tchire, m'tinjira ta mbuzi, kukwera phiri ndi kutsika. Anatipatsa masabata awiri okonzekera, koma poti zikwakwa zinali zitabwera kale, tsiku limenelo tinatchetcha ndithu.

Kwathu, m'mapiri a ku Tsangano, munthu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Ine ndinali nditathamangapo kupirikitsa ng'ombe za eni ake zikalowa m'dimba la kachewere, kuthawa mvula, kapena chitsulo cha sukulu chikalira ndikadali kutsidya. Koma kungothamanga kuti tione amene afike poyamba, zimenezo zinali za anyamata. Komanso miyezi iwiri m'mbuyomo ndinali nditatha msinkhu, ndipo amayi atatu a kutchalitchi anandikhazika pamphasa m'nyumba yotseka tsiku lonse kundilangiza. Zambiri ndinaiwala, zina sindingazilembe pano, koma chimodzi chinalowa mpaka m'mafupa: ukakumana ndi munthu wamkulu panjira, makamaka mwini mbumba, upatuke, ugwade, maso pansi, manja pamodzi, ndipo usadzuke mpaka iye atanena kuti pita. Anandiyesa katatu konse, mmodzi wa iwo akuyenda monyang'wa ndi kutsokomola ngati bambo, ndipo ndikafulumira kudzuka ankanditsina pantchafu. Kuyambira tsiku limenelo dziko langa linachepa. Phada ndinasiya, kusamba kumtsinje ndi anzanga ndinasiya, ngakhale kuseka kumene ndinkayamba ndayang'ana kaye amene ali pafupi. Ndinkachoka kunyumba kupita kusukulu, kusukulu kupita kudimba, kudimba kubwerera kunyumba, nsalu itamangidwa mpaka mu akakolo.

Mwini mbumba wathu anali amalume a Fulansiku, mlongo wawo wa amayi. Bambo anali m'minda ya fodya ku Chidzolomondo, ankabwera kamodzi pachaka, chaka china osabwera n'komwe, kotero za ife zonse zinkathera pakhonde pa amalume. Sanali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Sanandimenyepo. Ankalankhula pang'onopang'ono, akupichira fodya m'khoko la chimanga, koma chimene anena sichinkabwerezedwa. Iwo anali atanena kale kuti ndikamaliza setima sukulu yakwana, amayi akufunika wowathandiza kuthirira. Sukulu yopitirira inali ku vila, katauni ka ku Tsangano, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo kumeneko tinalibe mbale wondisunga. Ndiye apulofesoli atanena kuti atsikana atatu oyamba ndi anyamata atatu oyamba adzapita ku vila kukapikisana ndi masukulu ena, ndi kuti akuluakulu a kumeneko amasankha othamanga bwino n'kuwapatsa malo ku lali, nyumba yogona ana ochokera kutali, mtima wanga unagunda mpaka ndinaopa kuti anzanga aumva. Ndinawauza amayi tikukumba kachewere. Anakutumula dothi, kenaka anati amalume ako amakana munthu koma pepala la chidindo amaliopa, iwe ukapeze pepalalo.

Kukonzekera kwanga kunali kwakuba. Mtsikana wolangizidwa sakanathamanga pabwalo anthu akuona, ndiye ndinkathamanga pochokera kudimba madzulo kachisisira kasanagwe, chidebe chopanda kanthu chikugunda mwendo, ndikaona munthu patali n'kuyamba kuyenda ngati palibe chachitika. Mnzanga Lusiya ndi yekhayo ankadziwa. Iye ankandiseka kuti ndimathamanga ngati nkhuku yonyowa, koma ankapumira m'mwamba kumbuyo kwanga.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi nkhungu yoti phiri silinkaoneka. Apulofesoli anali atazungulira njira yonse dzulo lake, akumanga tizidutswa ta mapepala apulasitiki m'nthambi ndi kuthira phulusa pamiyala kuti tisasochere, ngati kuti ife tikanasochera m'phiri limene tinkatolamo nkhuni. Anyamata ananyamuka poyamba. Ife atsikana tinali khumi ndi awiri, tonse opanda nsapato. Amayi anakana kuti ndivule nsalu, choncho ndinaipinda pawiri n'kuimanga pamwamba pa siketi, ikulekeza m'maondo. Kherere atalira tinatuluka ngati mbuzi zotsekuliridwa khola, tikugundana zigongono, ena akuseka. Tinatsetserekera kudambo, kumene madimba amanunkha ndowe yonyowa ndi masamba a anyezi, tinawoloka mtsinje pa mtengo umodzi woterera, ndipo mtsikana wina anagweramo mpaka m'chiuno. Kuseka kunathera pomwepo, chifukwa kutsidya kunayamba chitunda.

Chitunda chimenecho ndinali nditachikwera kambirimbiri ndi mtolo pamutu, koma sindinkadziwa kuti ukachithamanga chimasanduka china. Mphepo yozizira inkacheka pakhosi. M'kamwa munayamba kumveka magazi. China chake chinandibaya m'nthiti kumanja, ndipo ndinaganiza kuti ndikufa, kenaka chinangosiya chokha. Miyala yakuthwa inkaluma kumapazi, chisoso chinadzaza nsalu, nthambi za masuku zikundikwapula kumaso ndi mame ake. Ndinadutsa mmodzi atagwira m'chiuno, wina atakhala pamwala akusanza, kenaka Lusiya. Nditafika pamwamba nkhungu inali pansi panga, dzuwa likuwomba kumaso, ndipo kutsogolo kunalibe mtsikana aliyense, kumbuyo sindinkamvanso mapazi. Ndinene zoona, sindinayambe ndasangalalapo choncho, ndipo sindinasangalalenso choncho kuyambira pamenepo. Panalibe wondituma, panalibe wondiyang'ana mayendedwe. Potsika miyendo inkadzisankhira yokha popondapo, ine ndikungoitsatira. Ndinayamba kuiona vila, ngakhale ndinali ndisanaifikepo, ndi bedi langalanga, ndi makope atsopano.

Chakumunsi, kutatsala pang'ono kuti njira itulukire kumunda wa aphunzitsi, pali malo opanikiza: kumanzere chigwembe chakuya chokumbidwa ndi madzi, kumanja mpanda waminga wa dimba la munthu wina. Pamenepo ndi pamene ndinawaona amalume akubwera chokwera, nkhwangwa paphewa, jekete lawo lakuda lomwe lija. Anali atapatukira anyamata, ndipo tsopano anabwerera pakati pa njira. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Thupi limene linanditengera pamwamba pa phiri ndi lomwelo linandipatutsa, n'kundigwetsa maondo pa timiyala m'mbali mwa mpanda, manja pamodzi, maso pansi, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Tadzuka, kaya iwe? Amayi ako chifuwa chija chatha?"

Ndinayankha kuti chatha. Anatsitsa nkhwangwa n'kuitsamira. Anafunsa ngati mbuzi yotupa mwendo ija yayamba kuponda, ngati mbewu ya kachewere m'chisakasa yayamba kuphuka, ngati bambo atumiza mawu. Ine ndinkayankha mawu amodziamodzi pakati pa kupuma, ndikuyang'ana zala za kumapazi awo zotulukira m'nsapato za matayala. Kenaka ndinamva mapazi akutsika phiri. Mtsikana woyamba anadutsa kumbuyo kwa amalume, cham'mbali, akukhudza mpanda, n'kungoweramitsa mutu pang'ono, poti kwa iye anali bambo wamba wa m'mudzi wina. Amalume anatulutsa khoko la chimanga n'kuyamba kupichira fodya. Wachiwiri anadutsa. Ndinkamva timiyala tikulowa m'khungu, thukuta likuzizira pamsana, ndipo m'mutu ndinkangoti watsala mmodzi, watsala mmodzi, anene msanga kuti pita. Mawu ake ndi aafupi, mwana woyamba kumene kulankhula amawatha. Iwo anayatsa machesi, mphepo inazimitsa, anayatsanso.

Wachitatu anali Lusiya. Ndinamuzindikira ndi kapumidwe kake. Anachepetsa liwiro, ndipo podutsa anandikhudza paphewa ndi chala n'kunong'ona kuti, "Dzuka, iwe." Sindinadzuke. Ndinamva mapazi ake akuchepa mpaka zii. Amalume anakoka fodya kawiri, anandiuza kuti ndikawauze amayi kuti Loweruka kuli kulambula kumanda, kenaka anasenza nkhwangwa.

"Chabwino, pita."

Ndinathamanga ngati wamisala, ndikulira, maondo akuchucha magazi, koma mtunda unali utatha. Ndinafika wachinayi, ndikumuona Lusiya akugwera m'manja mwa anzake. Apulofesoli anandifunsa chimene chachitika, poti mnyamata amene anamuika pamwamba pa phiri anali atakuwa kuti ndili patsogolo. Ndinawaonetsa maondo n'kunena kuti ndinagwa. Anapukusa mutu, anati m'tchire zimachitika, chaka chamawa ndidzayesenso. Anali ataiwala kuti kwa mwana wa setima chaka chamawa kulibe. Lusiya anandiyang'ana, ndipo mpaka lero sanaululepo. Patatha sabata atatuwo anakwera pamwamba pa matumba a kachewere m'lole yopita ku vila, ine ndikuonera kudimba, chitini chothirira chili m'manja.

Chimene chinandipweteka koposa chinabwera Loweruka lija kumanda. Tikupuma pamthunzi, amalume anauza anthu onse nkhani yanga. Anati ana a masiku ano shikola, sukulu yawoyi, yawaononga, koma mwana wa mlongo wanga uyu, ali pakati pa liwiro, patsogolo pa anzake onse, anandiona n'kugwada mpaka nditamumasula. Amayi amene anandilangiza aja anaomba m'manja, wina analuluta pang'ono n'kukumbuka kuti tili kumanda. Anthu ankanditcha mwana waulemu, azimayi a ana aamuna anayamba kundipatsa moni mosiyana ndi kale. Amayi anga okha sanaombe m'manja. Ankangozula udzu pa mtumbira wa agogo, malo amodzimodzi, ngakhale udzu unali utatha. Pasanathe zaka ziwiri ndinakwatiwa, ndipo aliyense ankati ulemu wanga ndi umene unandipezera banja labwino.

Lusiya anamutenga ku lali. Lero ndi namwino ku Furancungo, amabwera pa njinga yamoto yakeyake, ndipo akandipeza pamsewu ndikugulitsa kachewere amatsika n'kukhala nane pathumba, timaseka za nkhuku yonyowa. Sindimuchitira nsanje kwenikweni. Mwina ndikanapita ku vila sakanandisankha, mwina ndikanalephera mayeso, mwina amalume pepalalo sakanaliopa. Zonsezi ndakhala ndikudziuza zaka zambiri, ndipo masiku ena zimandithandiza. Ulemu sindiunyoza, ana anga ndimawaphunzitsa kupereka moni. Koma ndimadabwa kuti amayi atatu anatha tsiku lathunthu kundiphunzitsa kugwada, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anandiuza kuti ilipo nthawi imene munthu amapepesa mawa.

Chaka chathachi amalume anadwala, maso anachita khungu, ndipo ife a mbumba tinkasinthana kuwasamalira. Tsiku lina masana ndinawapititsira madzi osamba m'manja pakhonde, n'kugwada monga mwa nthawi zonse. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinawafunsa ngati akukumbuka tsiku la kolita-matu, ndiponso ngati ankadziwa chimene ndinkathamangira. Anaseka pang'ono, akupukuta manja pa jekete. Anati ankadziwa bwino lomwe, apulofesoli anali atawauza kutchalitchi.

"Ndinakuona ukutsika, ndinati uyu ndiye wapita, nanga ndimuletsa bwanji? Ndinadabwa ukugwada. Ndinati tione ngati adzuke yekha. Ine ndinakugwira mwendo?"

Sindikudziwa ngati ankanena zoona, kapena ukalamba unawakonzera nkhaniyo kuti iwakomere. Sanandigwire mwendo, zimenezo n'zoona. Machesi aja anayatsa kawiri, zimenezonso n'zoona. Ndinakhala pamenepo ndikuwayang'ana kumaso, koyamba m'moyo wanga, iwo osandiona. Anayamba kufunsa za mbuzi, za mvula, za mbewu. Ndinatenga beseni n'kudzuka ali pakati pa funso, asananene kuti pita. Ndinali mayi wa ana anayi, ndipo kunalibenso kothamangira.