Chitsulo Chokhota cha a Muhiwa

Fungo la dzimbiri likatsalira m'manja mwanga, ndimaona a Muhiwa. Ndimawaona ali kuseri kwa nyumba yawo kumalaini a pa esiteti, Lamulungu masana atachoka kutchalitchi, malaya oyera atawakoleka pa nthambi ya mpeyala kuti asade, chiperoni chikutsika pamwamba pa minda ya tiyi, utsi wa nkhuni za bulugamu ukukwawa pansi chifukwa cha chinyezi, iwo ataima pa thumba lakale, akukweza ndi kutsitsa paipi imene mbali zake zonse anaikako zitini za penti zodzaza simenti. Sankabuula ngati anyamata a masiku ano. Chinkamveka ndi mpweya wawo wokha, kulira kwa paipiyo m'simenti, ndi mphika wa kalongonda wa akazi awo umene unkabwata pamafuwa kuyambira m'mawa.

Tinkakhala nawo khoma limodzi. Ntchito yawo inali yoponya nkhuni m'ng'anjo ya kufakitale, moto woumitsira tiyi, ndipo akamaweruka ankanunkhira masamba otentha ndi phulusa. Imvi zinali zitawayamba kale, choncho ana tonse tinkawatchula agogo ngakhale panalibe ubale. Akuluakulu ankawaseka. Ankati munthu wosenza zipika sabata yonse angapume bwanji ponyamula simenti? Iwo ankayankha mosakweza mawu: "Zakufakitale ndimanyamulira bwana. Izi ndimanyamulira ine."

Ndili m'makalasi oyambirira ndinagwa mu mpeyala womwe uja ndi kuthyoka mkono wamanja. Kuchipatala cha ku boma anandiika chikhakha. Kapepala kake ndikali nako, kofiirira, kopindidwa kanayi, m'bokosi limene ndimasungamo mapepala anga onse. Fupa linalumikizana bwino, sindingadandaule. Koma atachotsa chikhakhacho, mkono unatuluka wowonda ngati nzimbe yakumapeto kwa munda, chigongono chikukana kuwongoka, ndipo chikhatho sichinkatembenuka kuyang'ana kumwamba. Pensulo inkapulumuka m'zala. Ndinayamba kudya ndi lamanzere, kupereka moni ndi lamanzere, lamanja nditalibisa m'malaya.

Ndiye kunabwera atsibweni, alongo awo a amayi, kuchokera kwa Khwethemule. Anakhala pampando pakhonde, nasenda nzimbe, nandiitana kuti ndilandire. Ine ndinatambasula lamanzere lokha. Iwo sanaisiye nzimbeyo. Anaigwirabe, akuyang'ana amayi. Kwathu mwana amalandira ndi manja awiri, ndipo kulandira kwa wamkulu ndi lamanzere lokha kuli ngati kumutukwana pamaso. Amayi anafotokoza mwachangu za mpeyala ndi chikhakha. Atsibweni anandikoka pafupi, natulutsa mkono uja m'malaya, nautembenuza mofatsa, ndinene zoona, mofatsa ndithu. Kenako anagamula. Anati dzanja losagwira pensulo lilibe ntchito kusukulu, ndipo silingathyolenso tiyi. Akadzabwera nthawi yokolola nandolo adzanditenga, ndikawete mbuzi kumudzi, poti ndodo imagwirika ndi dzanja lililonse.

Bambo anali pomwepo, koma sanatsutse. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu a mwini mbumba sabwezedwa pakhonde. Mpaka lero ndikaganiza kuti sukulu yanga yonse inatsala pang'ono kuthera pa chidutswa cha nzimbe, mtima umandiwira. Koma ndakalamba, ndipo ndikudziwa kuti atsibweni sankandida. Ankangofuna kundipezera pokhala.

Makoma a kumalaini anali opyapyala. Munthu akatsokomola mbali ino, a mbali inayo ankafunsa ngati wamwa mankhwala. A Muhiwa anamva zonse. Lamulungu lotsatira anabwera kudzaodira pakhomo pathu ngati alendo ochokera kutali, napempha amayi kuti andibwereke masana aliwonse. Amayi anafunsa ngati sindithyokanso. Iwo anati akandithyola adzapita okha kukaweta mbuzizo.

Tsiku loyamba linali loipa. Anandipatsa kapaipi kowongoka, kopanda zitini, kuti ndikagwire zikhatho zitayang'ana kumwamba mmene iwo ankagwirira yawo. Nditangoyesa, ululu unathamanga ngati moto kuchokera pamfundo ya dzanja kukafika m'chigongono. Ndinaponya kapaipiko pansi ndi kulira, osati chifukwa cha ululu wokha, koma chifukwa ndinaona mbuzi zija zikundiyandikira. Sanandikalipire, sanandinyengererenso. Anakhala pa chitsa nthawi yaitali akuyang'ana pansi, mpaka akazi awo anafunsa ngati agona.

Kenako anadzuka, natenga chinangwa chootcha pamoto wa akazi awo, nachipukuta phulusa.

"Landira, mwanaka," anatero, poti m'Chilomwe chawo ndi mmene ankanenera mwana wanga. "Ndi manja awiri, mmene amayi ako anakuphunzitsira."

Ndinatambasula. Lamanzere linagona bwino. Lamanja linatembenuka theka lokha, chala chachikulu chitaloza kumwamba, n'kuima pomwepo. Ndinachita manyazi ndi kufuna kulibweza, koma anati ndisasunthe. Chinangwa sanandipatse msanga. Anachiika pabondo, natenga waya wa mpanda, naugoneka m'zikhatho mwanga, naupinda pang'onopang'ono motsata mmene manjawo anakhalira okha, osawakankha, osawakonza. Atamaliza anaukweza wayawo kuuyang'ana, wokhotakhota ngati msewu wokwera phiri.

"Dzanja lako silinakane kulandira," anatero. "Chitsulo ndi chimene chikukana dzanja."

Pamenepo anandipatsa chinangwa, chitazizira kale.

M'sabata imeneyo anapempha kwa kapitawo chitsulo chopyapyala cha pazenera lakale chimene chinali pa mulu wa zotayidwa. Anapempha, sanangotola. Ndikunena zimenezi chifukwa masiku ano anthu amaganiza kuti wosauka aliyense wakale ankaba za pa esiteti. Anasonkha moto wa makala a bulugamu, akazi awo akukupiza ndi lichero uku akudandaula kuti lichero lawo lipsa chifukwa cha misala ya anthu awiri, wina wokalamba wina wosakula. Chitsulo chikafiira ankachigoneka pa njanji yakale ndi kuchimenya ndi hamala, n'kuchiyerekeza ndi waya uja, n'kuchibwezeranso pamoto. Atachiviika m'ndowa chinalira, nthunzi inakwera, ndipo fungo lake ndi limene ndayamba nalo nkhani ino. Mbali yamanja inali yokhota kwambiri kuposa yamanzere. Munthu wina aliyense akanati chalakwika. M'manja mwanga chinakhala ngati chinabadwira momwemo.

Kunsonga zake anamangirira tizitini ta mkaka, topanda kanthu. Ankandiimika msana utatsamira khoma, zigongono zitakhudza nthiti. Ankati ndiyerekeze kuti m'khwapa monse ndabisa dzira, lisagwe ndiponso lisasweke. Ndikweze ngati ndikubweretsa madzi kukamwa, nditsitse mochedwa kuposa mmene ndakwezera, poti kwa iwo kutsitsa ndiye inali ntchito yeniyeni. Lipenga la kufakitale likalira masana, amayi othyola tiyi akutsika m'mizere ndi madengu kumsana kupita kusikelo, ine ndinkadziwa kuti posachedwa a Muhiwa afika, asamba m'manja, ndipo andiitana. Masiku ena ankathira kamchenga m'tizitini tija, kongokwana m'chikhatho. Masiku ena sankathira kanthu. Ndikapempha kuti awonjezere kuti tifulumire, ankangoti "vakhani vakhani," pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti nandolo sizinachite n'komwe maluwa.

Panali masiku amene ndinkadana nacho chitsulocho. Anzanga akusewera mpira wachikulunga pabwalo, ine nditamata khoma ngati buluzi. Tsiku lina ndinathawa. Iwo sananditsate, sanakandinenerenso kwa amayi. Mawa lake ndinapeza chitsulo chitatsamira pakhomo pawo, atachipukuta ndi mafuta, chikundidikira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mkwapulo.

Pakapita masabata angapo ankabweretsanso chinangwa kapena nthochi n'kunena kuti ndilandire. Ankayang'ana pamene lamanja lafika. Likatembenuka pang'ono kuposa kale, chitsulo chinkabwerera pamoto kuti achepetse kukhota kwake, ndipo akazi awo ankatulutsa lichero akung'ung'udza asanauzidwe. Kusukulu pensulo inayamba kukhala m'zala, poyamba mzere umodzi, kenako tsamba lathunthu.

Nandolo zitauma, atsibweni anabwera monga ananenera. Amayi anali atachapa kale zovala zanga ndi kuzimanga m'chitenje, chifukwa sankafuna kuoneka ngati akukana mawu a alongo awo. Atsibweni anakhala pampando womwe uja, natulutsa m'thumba phava lalikulu la nthochi, lolemera, nandiitana. Ndinagwada. Ndinatambasula manja onse awiri. Lamanja silinagone lonse, ndipo mpaka lero siligona lonse, koma linali pansi pa nthochizo, osati m'mbali. Iwo anasiya phavalo lonse nthawi imodzi, mwadala. Mkono unayamba kutsika. Ndinakumbukira dzira la m'khwapa, ndinamata chigongono m'nthiti, ndipo nthochi sizinagwe.

Anaitanitsa pensulo ndi pepala, nandiuza kuti ndilembe dzina langa. Ndinalemba. Analiyang'anitsitsa.

"Zilembo zake n'zokhota," anauza amayi, "koma ndi zilembo. Masulani chitenjecho, achemwali."

Pepalalo analipinda n'kuliika m'thumba la malaya, napita nalo kumudzi. Pa mapepala onse a moyo wanga, limenelo ndi limene ndimalilakalaka.

Nthawi yonseyo kuseri kwa khoma kunali zii, chinthu chosachitika pa tsiku Lamulungu. Atsibweni atangonena mawu aja, paipi ya a Muhiwa inayamba kulira m'simenti monga mwa nthawi zonse. Amayi anathyola theka la phava lija nandituma kwa a Muhiwa. Ndinawapeza akutuluka thukuta. Anatsitsa paipi pansi, napukuta manja m'kabudula, ndipo munthu wa imvi uja analandira nthochi kwa mwana ndi manja awiri.

Atapuma pantchito anachoka kumalaini n'kukakhala kwa Mphuka, ndipo anamwalira ine ndikugwira ntchito ya ukalaliki kutali. Chitsulo chija chinatsala kwa amayi zaka zambiri, mpaka wina pakhomo anachigulitsa kwa anyamata oyenda panjinga ogula zitsulo zakale. Palibe anavomera kuti ndi iye. Anyamatawo anachiyeza pasikelo pamodzi ndi makasu othyoka. Sindinakhululuke bwinobwino, ndipo sindikufuna kunama kuti ndakhululuka. Ine amene ndimasunga lisiti ya chilichonse, makalata a ubatizo a ana onse, ngakhale makadi a sikelo a zidzukulu, ndilibe chithunzi cha a Muhiwa kapena pepala lililonse lokhala ndi dzina lawo.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga Yamikani. Wachotsa katundu m'kachipinda kakuseri, wakonzamo malo onyamulira zitsulo, ndipo wakhala akudandaula kuti chitsulo chowongoka chimene ali nacho chikumupweteka pamfundo za manja. Anaganiza zogula chokhota, chopangidwira akatumba, ndipo ndinamuperekeza ku Limbe, iye akuganiza kuti ndikungofuna kukwera minibasi. M'sitolomo zinalipo zamitundumitundu, zina zokhota kwambiri, zina pang'ono, zina zonenepa zonyezimira. Mnyamata wogulitsa anatiuza kuti kukhotaku ndi nzeru yatsopano yochokera kunja, ndipo anandiyang'ana ngati akuyenera kundimasulira. Ndinamuuza kuti kumene anayambira azungu sindikudziwa, koma ine ndinachiona chikutuluka pamoto wa makala kumalaini iye asanabadwe, ngakhale bambo ake. Yamikani anandigwira malaya kuti ndisapitirire.

Iye ankafuna chonyezimira kwambiri chija. Ndinamuuza kuti ayang'ane kaye ngati nsonga zake zikulowa m'mabowo a zolemetsa zimene ali nazo kunyumba, ndiponso ngati pogwirira pali pokhakhala mokwanira kuti chisaterereke ndi thukuta. Zimenezo anavomera. Kenako ndinamuuza kuti aike foni m'thumba, amate zigongono m'nthiti, atambasule manja ngati ndikumupatsa chinthu.

"Agogo, pano? Anthu akuona."

"Aone. Landira."

Anatambasula, akuseka. Zikhatho zake sizinagone zonse, zinapendekera mkati pang'ono, mmene manja a munthu aliyense amachitira akasiyidwa okha. Ndinapempha wogulitsa kuti azimugoneka zitsulozo m'manja chimodzichimodzi. Chonyezimira chija chinamukakamiza kupotoza mfundo za manja, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. China chinali chokhota mopitirira. Ndiye panali china chakuda, chosaoneka bwino, chimene chinali pakona. Chitangomugwera m'manja, zala zake zinachitseka zokha, ndipo anasiya kuseka. Anachikweza, nachitsitsa mofulumira. Ndinamuuza kuti atsitse mochedwa.

Tinagula chimenecho. Lisiti ndinaitenga ine, ili m'bokosi pamodzi ndi kapepala ka chikhakha.

Yamikani akapita kuntchito ndimalowa m'kachipinda kake. Ndimachotsa zolemetsa zonse, ndimatsamira khoma, ndi kukweza chitsulocho chopanda kanthu. Mbali yamanzere chimandikwana. Mbali yamanja sichifika pamene dzanja langa limaima, chifukwa cha m'sitolo chimapangidwira munthu amene manja ake ndi ofanana. Chondikwana mbali zonse chinalipo chimodzi chokha, ndipo amene anachipinda anayamba wafunsa dzanja. Ndikachitsitsa pansi ndimanunkhiza zikhatho zanga, ndipo ndimapita kukasamba mochedwa.