Mano a Mai Juliana ndi Chimanga cha ku Zemba

Mai Juliana Mbewe ankayenda pa njinga m'midzi ya ku Zemba kuyeza ana pa sikelo. Anali ndi mano otulukira kunja, ndipo mu 1996 anatopa nawo n'kupita kwa dokotala wa mano ku Lusaka. Dokotalayo anawauza kuti asankhe pakati pa waya womangirira kumano wosachoka ndi kapulasitiki kovala m'kamwa, kochotsa pakudya pokha. Iwo anaopa kuti ana azilira akaona waya, choncho anasankha kapulasitiki.

Dokotala uja sankawadziwa anthu a ku Zemba. Pakhomo lililonse mayi wa mwana ankatulutsa chimanga chootcha, mtedza kapena nzimbe, ndipo kukana chakudya kumeneko n'chipongwe. Mai Juliana anali munthu waulemu kwambiri. Kapulasitiki kaja ankakamanga pamfundo ya chitenje pakhomo loyamba, n'kukakumbukira atafika kale ku boma.

Chaka chitatha, dokotala anawayang'ana m'kamwa n'kupeza mano ali pomwe anawasiya.

"Mumavala koma, mayi?" anafunsa.

"Ndimachotsa pakudya pokha, adokotala, monga munanenera," anayankha mosaphethira.

Tsiku lomwelo anawamanga waya. Amayi a ku Zemba ataona wayayo anamva chisoni kuti mlendo wawo sangalumenso chimanga, ndipo anayamba kuwaphikira maungu, mbatata ndi phala lotendera, mbale zodzaza. Mai Juliana sanasiye ulemu wawo. Mano anawongoka bwinobwino, koma gudumu lakumbuyo la njinga ndi limene linapindika.