Mwana wa Chipewa

Ndikakumbukira ambuya Rozina, amayi a amayi anga, ndimamva fungo la nsomba zowamba ndi masawu oyanika pamphasa, kwathu kwa Mphuka, m'mbali mwa Zambezi. Ankadzuka dzuwa lisanatenthe n'kuyala pende pa waya, utsi wa nkhuni za mupani ukuwalowa m'maso awo otuwa, iwo n'kumatembenuza nsombazo ndi zala zosaopa moto. Khungu lawo linali loyera kuposa la aliyense m'mudzi. Tonse tinkadziwa kuti atate awo anali mzungu wogula minyanga ku Feira, amene anthu ankamutcha Chipewa, ndi kuti anamwalira ndi malungo ambuya akali kukwawa. Iwo eni sankazikamba.

Chaka china, ufulu titalandira kale, ine ndili pasukulu ya pulaimale, kunafika mzimayi wachizungu, nkhope itafiira ndi kutentha kwa m'chigwa. Anabwera ndi aphunzitsi a ku Boma omumasulira. Dzina lake anali Eleni. Anati mng'ono wa agogo ake aamuna anachoka ku Mangalande ali mnyamata, ndipo banja linangomva kuti anafera ku Feira, yekhayekha. Iye ankafuna manda ake, ndipo okalamba a kumsika anamulozera kwathu.

Ambuya anamupatsa madzi, anamaliza kaye kutembenuza nsomba zawo, kenako anatenga ndodo. Tinawatsata kudutsa m'minda ya mapira mpaka pansi pa mlambe, pamene panali mulu wa miyala, pozungulira pali mbee, popanda ndi udzu womwe. Eleni anafunsa amene ankasesapo.

"Ndine," anatero ambuya. "Pagona atate anga apa."

Aphunzitsi anazengereza asanamasulire. Atamva, Eleni anawayang'ana ambuya nthawi yaitali, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo, misozi ikutsika. Ambuya anamuuza kuti Chipewa sanafe yekha: amayi awo ndiwo ankamupukuta thukuta ndi kumumwetsa phala mpaka tsiku lomaliza, ndipo amalume awo ndiwo anakumba manda.

Kenako ambuya nawonso anafunsa chawo. Kwathu mfunda umachokera kwa atate, ndipo munthu akakuchitira zabwino umamuthokoza pomutchula mfunda wake. Poti atate awo anali mzungu, moyo wawo wonse ambuya ankangothokozedwa ndi dzina, ngati kamwana.

"Mufunseni," anawauza aphunzitsi, "kwawoko ndife a mfunda wanji?"

Eleni anayankha kuti kwawo kulibe mifunda, koma makolo awo kuyambira kalekale anali oweta nkhosa m'mapiri ozizira. Ambuya anaseka mpaka kugwira nthiti, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo.

"Basi, ndine Nankhosa."

Eleni anakhala nafe masiku angapo, akuphunzira kudya pende osatsamwa ndi minga, ndipo ambuya ankamuitana kuti mwana wa achimwene. Pochoka anatenga kamwala kamodzi ka pamulu paja, koti akakaike pamanda a agogo ake. M'mudzi anthu anayamba mwanthabwala kunena kuti zikomo a Nankhosa, koma dzinalo linakhazikika, ndipo pamaliro awo mlaliki anawatchula momwemo.

Lero ndimakhala ku Lusaka, ndipo adzukulu a Eleni amalankhula ndi ana anga pafoni, kutchulana asuweni. Ndikapita kumudzi nyengo ya masawu, ndimapita ndi tsache kumlambe kuja, kumene tsopano kuli milu iwiri ya miyala, ndipo ndikamaliza kusesa ndimawomba m'manja n'kuwathokoza ambuya ndi mfunda wawo.