Ulendo wa ku Cuamba sitima zitanyanyala

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo, anzanga. Tiyi ndathira koma wangozizira m'kapu. Lekani ndikufotokozereni, mwina wina mwa inu andimasulira.

Poyamba mudziwe mmene zinthu zilili. Achemwali anga a Filomena, amene anandilera amayi athu atamwalira, anakwatiwa ku Mozambique, ku Cuamba, ndipo akudwala kwambiri. Mwana wawo woyamba, Rosa, anandiimbira foni kuti, "Amayi aang'ono, bwerani, amayi akungotchula dzina lanu." Ndinakonza zonse kuti ndikwere sitima pa Liwonde pano mpaka ku Nayuchi, ndiwoloke malire, ndikakwere ina ya tsidya linalo. Mawa lake n'kumva pa wayilesi kuti ogwira ntchito za njanji anyanyala ntchito, sitima siziyenda mpaka madandaulo awo amveke. Msewu nawo mvula yaudula, galimoto zikubwerera panjira. Ndiye ndangokhala, chikwama chili pakhomo chomangamanga.

M'malotomo ndinali pa siteshoni, dzuwa lili paliwombo, koma siteshoniyo inalinso bwalo la sukulu yathu ya pulayimale, mtengo wa mango uja uli pomwepo. Pamutu ndinasenza chigumu chimene ndinawaphikira achemwali, chokulunga m'chitenje, chikutenthabe mpaka kundiwotcha.

Anthu a njanji anali atakhala pa njanji penipeni, maovolosi ali m'thupi, zipewa zili m'manja. Anakhala mmene timakhalira pa maliro, amuna uku, akazi uku, popanda woyankhula. Ndinagwada pafupi ndi bambo wina wa imvi n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, ya ku Nayuchi inyamuka nthawi yanji?"

Iwo anati, "Mayi, tanyanyala."

"Ndili ndi wodwala, bambo."

"Nafenso odwala tili nawo kunyumba, mayi."

Anandionetsa nsapato zawo zantchito, zala zonse zili panja. Inu mukundidziwa pakamwa panga, sindichedwa kukalipa, koma apa ndinangoyang'ana zalazo. Ndinali wokwiya, ndinalinso ndi chisoni, osadziwa kuti mkwiyowo ndimuthire ndani.

Kenako ndinaiona sitimayo. Abale inu, nayonso inali itanyanyala, osati kunyanyala kwa ntchito ayi, kunyanyala kwenikweni kwa mwana amene wakana chakudya. Mutu wake inatembenuzira kukhoma, ikupumira m'mwamba. Ine mayi wamkulu, wa zidzukulu, n'kuyamba kuinyengerera, kuisisita m'nthiti, ndikuti tiye mwanawe, ungondifikitsa pamalire pokha, kwinako ndikadzionera. Iyo duu. Ndinaitchula maina onse abwino amene ndimawadziwa, koma sinasunthe ngakhale pang'ono.

Ndiye bambo a imvi aja anandiuza ali chikhalire kuti, "Njanji sitinaitseke, mayi. Ngati miyendo muli nayo, yendani."

Ndinavula nsapato n'kuyamba kuyenda pakati pa njanji, kuponda mitanda ija umodziumodzi. Mitandayo sinkagwirizana ndi phazi langa: ndikaponda uliwonse yafupika, ndikadumpha umodzi yatalika. Miyendo inali yolemera ngati ndikuyenda m'matope. Mbali zonse kunali madzi okhaokha, mpunga wa anthu utamira, kungooneka nsonga. Kutsogolo kwanga kunali ena amene maulendo awo anasokonekera ngati ine, aliyense ndi katundu wake pamutu, palibe wocheuka. Mmodzi anali mtsikana atavala velo, wakwinya diresi m'manja kuti lisade, akuti ukwati wake uli ku Nampula ndipo anthu akhala kale m'tchalitchi. Inu mukudziwa zimene amanena za ukwati wa m'maloto, kuti ndi maliro. Ine sindinafune kumuyang'ana kawiri, ndinaweramitsa nkhope.

Kenako, osadziwa kuti ndafika bwanji, ndinali pa Nayuchi. Wa pamalire anali atakhala pa mpando pakati pa njanji, wopanda ofesi, wopanda tebulo. Anandiyankhula Chipwitikizi. Ine Chipwitikizi ndimangodziwa moni yekha, koma zonse ndinamva bwinobwino. Anati ine ndikhoza kudutsa, koma chigumu sichiwoloka. Ndinadandaula, ndinalira, ndinati achemwali anga sakudya kanthu, mwina ichi chokha angalaweko. Iye sanakalipe. Anachilandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kuchiika pambali, n'kundidinda chidindo pachikhatho. Chidindocho chinali chozizira zedi.

Nditangodutsa, ndinapezeka pakhomo pa achemwali. Nyumba inali yawo ya ku Cuamba, koma khonde linali la kwathu kumudzi, la dothi lija tinkazira Loweruka. Anali atakhala pamphasa akusenda nandolo m'lichero. Onenepa, anzanga, khungu losalala, mawu amphamvu, osati mawu ofooka aja ndakhala ndikuwamva pafoni. Atandiona anaseka mpaka kugwira pachifuwa.

"Iwe Agi, kuchedwa kwako kuja sunasiyebe?"

"Achemwali, sitima zanyanyala, ndabwera wapansi."

"Bwera kuno. Taona tsitsi lakolo, ngati munthu wopanda m'bale."

Ndiye ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo, monga ndinkachitira ndili mwana, iwo n'kuyamba kundiluka. Ankakoka mwamphamvu ngati kale lomwe. Ndikati mukundipweteka, ankandigogoda ndi chipeso pamutu kuti khala phee. Ndinamva kukoma mumtima, kukoma kumene sindinakumve chimwalirireni amayi. Tinacheza tinkhani ting'onoting'ono: za mbuzi yathu ija inkadya sopo, za mphunzitsi amene ankandikwapula chifukwa cholongolola, iwo n'kupita kukamuzazira. Za matenda sitinatchule, ine osafunsa, iwo osanena. Ndinangoiwala kuti ndabwerera chiyani.

Kenako sitima inalira patali, kulira kwautali kuja. Ndinati mumtima anthu aja abwerera ku ntchito, ndithamange isandisiye, kunyumba ndasiya kopanda munthu. Tsitsi anali atangoluka mbali imodzi. Ndinaimirira n'kumanga bwino chitenje kuti nditsanzike. Ndisanatsegule pakamwa, achemwali ali chikhalire pamphasa pawo, pakhomo pawo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tsala bwino, mng'ono wanga."

Ine ndinaseka. "Achemwali, mwasokoneza. Wopita ndine. Inu muziti ndiyende bwino."

Iwo sanaseke. Anasansa makoko a nandolo pachitenje chawo, n'kubwereza pang'onopang'ono kuti, "Ndati tsala bwino, Agi."

Pomwepo ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera kale, pilo atanyowa.

Sitima mpaka pano sizinayambe kuyenda. Rosa sanaimbe, inenso foni ndaigwira kangapo n'kuibweza, ndikuopa zimene ndingamve. Ndapemphera, koma mantha sanachoke. Inu amene mumadziwa za maloto, ndithandizeni. Munthu ali pakhomo pake, wakhala pansi, mlendo ndiye waimirira, angamuuze bwanji mlendoyo kuti tsala bwino? Iyeyo akupita kuti? Musandibisire chifukwa chondimvera chisoni ayi, ndiuzeni mmene mukuonera.